Nkhuku timazitemera, nanga ife eni khola?



Palibe mlimi wa nkhuku amene amadikira kuti chitopa chilowe m'khola kenaka n'kuyamba kufunafuna katemera. Tonse tikudziwa kuti kadontho ka katemera wa I-2, amene amakonzedwa ku labotale ya ziweto ku Bwemba konkuno, kamagwera m'diso la nkhuku ili bwinobwino, ikudya, ikupalasa, ndipo timabwerezanso pakapita miyezi itatu kapena inayi. Msodzi naye amamata bwato lili pamtunda, sadikira kuti madzi ayambe kulowa ali pakati pa nyanja. Nzeru imeneyi tili nayo kale. Koma ikafika pa thupi lathu ife akuluakulu, nzeru ija imatithawa. Timati sikelo ndi ya ana, katemera ndi wa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo bambo wamkulu amafika kuchipatala pokhapokha atachita kunyamulidwa.

Mfundo yathu m'nkhaniyi ndi imodzi basi. Munthu aliyense amene adapitirira zaka 30 azipita kwa namwino kamodzi pachaka asakumva kuwawa paliponse, akayezetse, ndipo katemera amene akumuyenera alandire. Thupi ili ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo chosungitsidwa munthu amachiyendera, sachisiya mpaka chiswe chitadya.

Tiyambe ndi BP, kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO adayeza anthu a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno, ndipo adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Patapita zaka zochepa, a bungwe la MEIRU adayenda khomo ndi khomo ku Area 25 komanso ku Karonga, nawonso n'kupeza kuti BP, shuga ndi kunenepa kwambiri zili pakati pathu, ndipo ambiri akuyenda nazo osadziwa. Tangowerengani mzere umodzi wa Swala ya Ijumaa mumzikiti wa ku Old Town, muone kuti tikukamba za anthu angati.

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. BP ndi choncho ndithu. Munthu amalima, amasenza dengu la usipa, amaseka ndi anzake, pamene mkatimu zinthu zikuwonongeka. Amene mumathirira m'dimba mukudziwa zimene zimachitika pampu ikamakankha madzi mwamphamvu m'paipi yakalekale: tsiku lina imaphulika pamene pali pofooka. Mitsempha yathu nayo imatero. Ikaphulika kapena kutsekeka mu ubongo, ndiyo sitiroko imeneyo, munthu n'kufa mbali imodzi, kulankhula osamveka. Pena zimawonongeka ndi impso, ndipo zikafika pamenepo ndiye kuti moyo wonse ndi wodalira makina osefa magazi aja a ku Kamuzu Central. Chonsecho kuyeza kwake ndi mphindi zochepa chabe. Namwino amakulunga lamba pamkono, n'kuwerenga manambala awiri. Akamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kuposa apo pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti pali ntchito yoti igwiridwe.

Shuga nayenso amabwera mwakachetechete. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda, maso kuchita chifunga, kabala ka paphazi kosapola, zonsezi zimadzaoneka matenda atakhazikika kale. Kuyeza kwake n'kubaya pang'ono pachala. Kwa ife Asilamu nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha Ramadhan. Munthu wa shuga kapena BP amene amamwa mankhwala ayenera kuonana ndi namwino m'mwezi wa Shaabani, kuti amuuze ngati angathe kufunga komanso mmene angasinthire nthawi ya mankhwala pakati pa daku ndi futari. Mashehe ambiri amagwirizana kuti kubaya pachala poyeza shuga sikumasula swaumu, chimodzimodzinso jakisoni wa katemera, poti si chakudya. Ndipo wodwala adapatsidwa kale chilolezo chosiya kufunga n'kudzabweza kapena kudyetsa osauka. Kudzikakamiza mpaka kukomoka pamsika si kumene kungachulukitse malipiro.

Pena timaganiza kuti awa ndi matenda a mabwana a ku City Centre, amene amakhala pampando tsiku lonse n'kumayenda pagalimoto. Iwo ali pachiopsezo, n'zoona, ndipo abale athu a m'maofesi amve. Koma mchere sufunsa kuti munthu amagwira ntchito yanji. A WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza mchere wa m'ndiwo zonse. Ife timathira mumphika, n'kudzathiranso m'mbale, n'kuwaza wina pachipisi cha pamsika. Tiyi wa m'mawa masupuni anayi a shuga, masana botolo la zoziziritsa kukhosi. Mlimi wa ku Mitundu ndi kalaliki wa ku Capital Hill akumana pamenepa.

Kwa amayi ndi alongo athu pali khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi imapha amayi ambiri padziko lonse lapansi. Komatu ndi khansa imene imayamba pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo ikapezeka ili poyambira imachizika. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuyang'ana. Akaona malo oyera okayikitsa, nthawi zambiri amathandiza tsiku lomwelo. Boma limalimbikitsa amayi a zaka 25 mpaka 49 kuti aziyezetsa, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV aziyezetsa pafupipafupi. Kuyambira 2019 atsikana a zaka 9 akulandira katemera wa HPV woteteza nthenda yomweyi, koma amayi awo adakula kopanda katemerayu, n'chifukwa chake iwo chitetezo chawo ndi kuyezetsa. Tikudziwa kuti chimene chimagwira ambiri ndi manyazi. Manyazi ndi khalidwe labwino m'Chisilamu, ndipo mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuone namwino wamkazi. Koma kumbukirani kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Inunso abambo, chilolezo chokha n'chosakwana. Perekani ya minibasi, tsalani ndi ana tsiku limenelo.

Tsopano tibwere pa katemera, poti apa ndi pamene pamabuka zokamba zambiri pakhonde la mzikiti.

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'manyowa, momwe ife alimi timaswera tsiku lonse. Khasu likatema chala, msomali wadzimbiri ukalasa phazi, mbedza kapena munga wa mlamba ukalowa m'dzanja, khomo latseguka. Amayi amalandira katemera wa kafumbata kusikelo akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri ngati adalandirako ndi ali makanda, ndipo mphamvu yake imachepa zaka zikamapita. Mukavulala tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, musathiremo dothi, phulusa kapena fodya, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene chimene chakulasani. Chimodzimodzi galu akakulumani: tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangani mukalandire katemera wa chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 tonse tikuikumbukira. Idayambira ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, idagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo muno mu Lilongwe sukulu zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Idavuta kwambiri m'madoko a asodzi ndi m'malo othinana a m'tauni, kumene abale athu ambiri amakhala ndi kuchita malonda. Katemera wake ndi wakumwa, ndipo ndi wa akuluakulu omwe. A zaumoyo akadzabwera naye pamsika, tisadzathawire kuseri kwa mabenchi.

Nthawi ya Covid-19 idatiphunzitsa mtengo wa mphekesera. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri zidamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi m'bale wathu Mohammed Sidik Mia, katemera asanafike m'dziko muno. Adafika mu Marichi chaka chomwecho. Pofika mu Meyi, boma lidawotcha katemera wokwana 19,610 pa Kamuzu Central chifukwa adatha nthawi. Mbali ina vuto linali loti adafika atatsala masabata ochepa kuti athe mphamvu, koma mbali inanso anthu ankaopa chifukwa cha zimene ankatumizirana pa WhatsApp.

Amene amati katemera ndi wotsutsana ndi Chisilamu atiyankhe funso limodzi. Aliyense wopita ku Hajj amayenera kuonetsa chikalata chakuti adabayitsa katemera wa matenda oumitsa khosi, masiku osachepera 10 asanafike ku Saudi Arabia. Popanda chimenecho ulendo palibe. Ma-Alhaj athu onse adapinda mkono wa malaya, ndipo adabwerako ali amoyo, akubereka, akuswali. Nanga katemera akhale halali popita ku Makka, n'kusanduka haramu pa Bwaila? Za zosakaniza zake, akatswiri a malamulo a Chisilamu ndi madokotala adakumana ku Kuwait mu 1995 n'kugamula kuti chinthu chimene chasandulika kotheratu popanga mankhwala n'chololedwa. Ndipo tili ndi chitsanzo cha zimene zimachitika atsogoleri akasocheretsa anthu: mu 2003 madera ena a kumpoto kwa Nigeria, makamaka Kano, adaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mphekesera yoti amatseketsa kubereka. Zotsatira zake ana ambiri a Asilamu adapuwala, matendawo n'kufalikira kumaiko ena.

Ena amati zonse zidalembedwa kale, tsiku likakwana lakwana. Zoona, Qadar timaikhulupirira ndi mtima wonse. Koma taonani zimene adachita Khalifa Umar (RA) cha m'ma 639, pamene mliri wa Amwas udagwa ku Sham. Ali panjira yopita kumeneko adamva za mliriwo, adafunsa maganizo a ma-Swahaba, ndipo adabwerera ku Madina ndi anthu ake. Kwa amene adadandaula kuti akuthawa chikonzero cha Allah, adawafotokozera ndi fanizo la m'busa wa ngamira amene ali ndi msipu wobiriwira mbali ina ndi chipululu mbali ina: kulikonse kumene angasankhe ndi m'chikonzero cha Allah momwemo, koma wanzeru amalowera kobiriwira. Kodi ife tingaposere Umar pa tawakkul? Mlimi amadalira Allah pa mvula, komabe amagula mbewu, amapanga mizere, amapalira.

Zodandaula zenizeni zilipo, ndipo sitikuzibisa. Wogulitsa nsomba akataya m'mawa umodzi pamzere, ndiye kuti tsiku limenelo phindu palibe, mwina nsomba n'kuwonongeka. Nthawi zina m'zipatala za boma mankhwala a BP amatha, munthu n'kuuzidwa kuti akagule kufamase. Izi n'zoona, ndipo tiyenera kumawakumbutsa aphungu athu ndi makhansala kuti aziyang'anepo. Koma tiyeni tiwerengere ngati anthu a geni. Tsiku limodzi pachaka, kuliyerekeza ndi bambo amene wagona pamphasa zaka zitatu, munda uli thengo, ana atasiya sukulu, mayi atasiya benchi pamsika kuti azimutembenuza. Ngakhale mankhwala atasowa, munthu wodziwa BP yake amachepetsa mchere, amasiya fodya, amayenda, ndipo amadziwa choti agule. Wosadziwa alibe poyambira.

Ndiye tichite chiyani? Poyambira ndi chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, osati ku Central, kumene amalandira anthu otumizidwa. Kwa ife a ku Old Town pali Bwaila, chimene akuluakulu timachitchulabe kuti Bottom. Palinso Kawale, Area 18 ndi Area 25. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere. Tengani buku lanu la kuchipatala, muuzeni namwino kuti mwabwera kudzayezetsa BP, shuga, HIV, ndipo ngati mwakhala mukutsokomola masabata awiri, chifuwa chachikulu. Inu opita kukapikula nsomba ku Senga Bay, Nkhotakota kapena Mangochi, amene mumalowa m'madzi kukachingamira mabwato, nenani zimenezo kuti akuyezeni likodzo, poti likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi chiwindi, pamene mankhwala ake ndi mapiritsi ochepa chabe. Pemphani kuti manambala anu alembedwe m'buku, kuti chaka chamawa padzakhale poyerekezera.

Makomiti a mizikiti, ntchito yanu nayi. Tikhoza kusonkha za simenti ndi makapeti, nanga kamakina koyezera BP kangatikanike? Pakati pa jamaa pathu pali anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Apempheni mwaulemu kuti kamodzi pamwezi, Ijumaa ikatha, akhale pakhonde ndi tebulo, ndipo mbali ya amayi kukhale namwino wamkazi. Amene apezeka ndi vuto alembedwe kalata yopita nayo kuchipatala. Ma-imamu tiike nkhaniyi mu khutba, makamaka mu Shaabani ndi nyengo ya mvula isanayambe.

Ndipo inu abale a ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 43 ndi Area 47, amene Allah adakufewetserani rizki, mumatha kupita kuchipatala cholipira n'kuyezedwa zonse popanda mzere. Pageti panu pali mlonda, kuseri kuli wosamalira maluwa, m'khitchini muli mayi wophika. Ambiri a iwo ndi abale athu ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Salima, ndipo amaopa kupempha tsiku kuti mwina mungawadule malipiro. Apatseni tsiku limodzi pachaka, malipiro osadula, muwonjezere ya minibasi. Imeneyo ndi sadaka imene ingasunge banja lonse.

Allah atipatse thanzi, atisungire minda ndi maukonde athu, achize odwala athu ndipo awachitire chifundo amene adatsogola. Ameen.