Malipiro a Dotolo ndi Mankhwala Amene Atilembera

Anthu a kuno ku Luangwa, kuyambira pa Boma mpaka ku midzi ya Mfumu Mphuka ndi Mfumu Mburuma, akadwala amathamangira ku kiliniki, ku cipatala ca Boma kapena ku Katondwe. Ena amene malonda a nsomba awayendera bwino amakwera basi kunka ku Lusaka kukaonana ndi madotolo olipiritsa. Ambiri amayesa kuti cithandizo cimene munthu alandira cidalira matenda ake okha. Koma akatswiri a za umoyo anapeza kale kuti njira imene dotolo alipidwira imakokanso dzanja lake polemba mankhwala.

Njira yoyamba ndiyo yolipira pa nchito iliyonse: jekeseni mtengo wake, kupima magazi mtengo wake, opaleshoni mtengo wake. Dotolo wotere akacita zambiri apezanso zambiri. Ku China, zipatala za Boma zinali kuloledwa kuonjezera 15 peresenti pa mtengo wa mankhwala ogulitsa kwa odwala. Cotsatira cake, anthu anali kupatsidwa mapiritsi ndi madiripi oposa muyezo, kufikira Boma la kumeneko linathetsa phindulo mu 2017. Ku Brazil, m'zipatala zolipiritsa, ana 8 mwa ana 10 ali onse amabadwa mwa opaleshoni, ndipo cifukwa cimodzi ncakuti opaleshoni imacitika pa nthawi yopangana, pamene kudikira mai kuti acire yekha kungatayitse dotolo usiku wonse.

Njira yaciwiri ndiyo ya malipiro a pamwezi, monga alandirira madotolo ndi manesi a Boma lathu. Iwo sapindula kanthu pokulemberani mankhwala osafunika. Koma malipirowo sakwera mzere ukatalika, motero wotopa angathe kumuona wodwala mwaliwiro, osamufunsa bwino za matenda ake.

Dziko la Zambia layesa njira zingapo. Titalandira ufulu mu 1964, cithandizo m'zipatala za Boma cinali caulere. Mu 1993 odwala anayamba kulipira, ndipo osauka ambiri anayamba kukhala ku nyumba ndi matenda ao. Mu 2006 Boma linacotsa malipirowo m'makiliniki a kumidzi, ndipo mu 2012 linawacotsanso m'makiliniki a m'matauni.

Kenaka, mothandizana ndi World Bank, Boma linayesa kulipira makiliniki molingana ndi nchito zao. Zinayambira ku Katete, ndipo kucokera mu 2012 kufika mu 2014 zinayesedwa m'maboma 10. Kiliniki inali kulandira ndarama pa mai aliyense wocirira pamenepo ndi pa mwana aliyense womaliza katemera. Azimai ocirira ku cipatala anaculukadi. Komabe ofufuza anapeza kuti m'maboma amene anangopatsidwa ndarama zoonjezera popanda kuwerenga mitu, zinthu zinasinthanso bwino. Ici cisonyeza kuti nthawi zambiri cimene cisowa ndi mankhwala ndi zipangizo, osati mtima wa nchito. Ngozi ya njira yowerenga mitu njakuti nkhalamba ya matenda a shuga, imene siili pa ndandanda ya zolipidwa, ingaiwalike pa benchi.

Lamulo la mu 2018 linakhazikitsa inshuwalansi ya za umoyo ya NHIMA. Wanchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, womulemba nchito naikapo 1 peresenti inanso, ndipo thumbalo limalipira zipatala zimene zathandiza mamembala. Apa mpofunika maso, pakuti wodwala samva kuwawa kwa mtengo, ndipo cipatala cipindula zolembedwa zikaculuka. Koma thumbalo ndi lathu tonse. Likabooka cifukwa ca zopima zosafunika, mawa mwana wodwaladi adzapeza mulibe kanthu.

Sitikunena kuti madotolo ndi akuba, iai. Ambiri amagwira nchito mokhulupirika, ena usana ndi usiku, m'dera lotentha ndi lakutali ngati lino. Koma dotolo ndi munthu, ali ndi ana a pa sukulu, ndipo malamulo a malipiro ayenera kukonzedwa kuti mthumba mwake musalimbane ndi moyo wa wodwala.

Nafenso odwala tili ndi mbali yathu. Ambiri timaona ngati dotolo wosabaya jekeseni sadziwa nchito, ndipo wogulitsa mankhwala amakondwa ndi maganizo otere. Thupi likatentha, pemphani kuti akupimeni malungo musanamwe Coartem, cifukwa kutentha thupi konse si malungo. Mukalemberedwa mankhwala ogula kapena opaleshoni, funsani mwaulemu kuti matenda anu ndi ciani, mtengo wonse ndi wotani, ndiponso ngati pali njira ina yocepa mtengo. Dotolo wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ngati yankho silikukhutiritsani, kafunseni ku cipatala cina, kapena kauzeni komiti ya za umoyo ya m'dera lanu. Akulu anati safunsa anadya phula.