Mabuku Akasiyana pa Dzina la Dinosaur

Aphunzitsi anzanga, tiyerekeze kuti mwana wakufunsani m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, buku ili likuti Brachiosaurus, linali likuti Giraffatitan, koma chithunzi n'chimodzimodzi. Lolondola ndi liti?" Ambirife tikhoza kungomuuza kuti aloweze zimene zili m'buku la sukulu basi. Ine ndikuona kuti yankho lotere limapha phunziro la sayansi.

Chinyama chimenechi ndi dinosaur wa khosi lalitali. Mafupa ake, amene anasanduka miyala, anafukulidwa ku Tendaguru, m'chigawo cha Lindi ku Tanzania, pakati pa 1909 ndi 1913, nthawi ya ulamuliro wa Ajeremani. Ankakumba ndi anthu a komweko mazanamazana, kapitawo wawo ali Boheti bin Amrani, ndipo mafupawo ankawasenza wapansi mpaka kudoko la Lindi. Lero chinyamacho chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Berlin, msinkhu wake kuposa mamita 13. Mwana wa ku Dar es Salaam akafuna kuchiona ndiye kuti akwere ndege. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mu 1914 Werner Janensch anachitcha Brachiosaurus brancai poona kuti chikufanana ndi china cha ku America. Mu 2009 Michael Taylor anayerekeza ziwirizi fupa ndi fupa, napeza kuti zikusiyana m'malo ambiri. Apa m'pomwe dzina loti Giraffatitan, limene Gregory Paul anapereka mu 1988, linakhazikika.

Ku Malawinso zinachitika. Mafupa a ku Karonga anatchedwa Gigantosaurus dixeyi mu 1928 ndi Sidney Haughton. Atakumba ena ochuluka ku Mwakasyunguti, Louis Jacobs, Elizabeth Gomani ndi anzawo anaona kuti chinyamacho n'cha mtundu wakewake m'gulu la titanosaur, ndipo mu 1993 anachitcha Malawisaurus. Kodi Haughton ananama? Ayi ndithu. Mafupa amene anali nawo anali ochepa.

Zimenezi ndi zomwe mwana uja akufunika kumva. Ndipo simufunika ulendo wa ku Karonga kuti azimvetse. Tolani mafupa a mbuzi ndi a nkhuku, muwatsuke bwino, ana awaike m'magulu n'kufotokoza zifukwa zawo. Akamaliza, tulutsani fupa la nkhumba limene munabisa m'thumba, muwafunse ngati magulu awo aja akadali bwino.