Mphatso za Mulungu si katundu wa pamsika

Nyuzipepala ino yakhumudwa kwambiri ndi malonda amene abisala m'chipembedzo pa Phalula, m'boma la Balaka. Tikunena alaliki amene akugulitsa mafuta odzozera, madzi a m'mabotolo ndi timapepala tomata pachitseko, n'kumauza anthu kuti nzeru ndi mphatso za Mzimu Woyera zili m'menemo.

Aliyense wodutsa pamsewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Balaka akudziwa mmene ndalama imavutira kuderali. Mvula ndi ya njomba, chimanga chimapserera m'munda, ndipo banja limadalira thonje, mbuzi kapena thumba la makala. Thukuta limenelo ndi lomwe likuthera m'mbale ya mneneri, ati kufesa mbewu.

Alaliki amenewa awabisira anthu Baibulo. Pamapemphero ochezera, zokuzira mawu zimalira mpaka tambala woyamba, koma Buku limatsegulidwa kamodzi kokha. Amazula vesi limodzi pamalo pake, n'kutseka. Wofunsa funso amamunena kuti akulimbana ndi wodzozedwa.

Chimene akuopa n'chodziwika. Wowerenga kalata ya Yakobo adziwa kuti nzeru amachita kupempha kwa Mulungu, ndipo salipiritsa. Wowerenga 1 Akorinto 12 aona kuti mphatso zimaperekedwa kuti mpingo wonse upindule, osati kuti mmodzi anenepe. Wofika pa Machitidwe 8 akumana ndi Simoni wa ku Samariya, amene adatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro n'kumudzudzula kotheratu. Mkhristu wodziwa zimenezi sangagulitse mbuzi yake kuti agule botolo.

Zotsatira zake n'zowawa. Odwala akusiya mankhwala otalikitsa moyo atauzidwa kuti achira, n'kudzafika kuchipatala madzi atafika kale m'khosi. Ana akukhala pakhomo chifukwa ndalama ya fizi idapita kuguwa. Agogo akulozedwa chala kuti ndi afiti potsatira masomphenya a munthu wosawadziwa n'komwe.

Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo lamulolo silipatula mlaliki. Sitinaiwale okalamba anayi amene adaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti. Apolisi ndi mafumu a kwa Phalula asadikire maliro kuti achitepo kanthu.

Mipingo yokhazikika nayo isasambe m'manja. William Murray ndi anzake adamaliza kumasulira Buku Lopatulika, ndipo lidatuluka mu 1922. Buku Loyera lidabwera mu 1998, m'Chichewa chosavuta kumva. Mawu a Mulungu akhala m'chilankhulo chathu zaka zoposa 100, koma alipobe akhristu obatizidwa amene sanawerengepo chaputala chathunthu. Mlandu umenewu ndi wa abusa.

Kalasi imatha tsiku la ubatizo. Misonkhano ya m'miphakati ndi ya amayi yachulukidwa ndi nkhani za zopereka za chitukuko, ndipo kusanthula Malembo kumapatsidwa mphindi zotsalira. Osadziwa kuwerenga asiyidwa okha, chikhalirecho sukulu za kwacha zikhoza kuchitikira m'matchalitchi omwewo amene amakhala otseka pakati pa sabata. Nkhosa zosadyetsedwa zimatsata aliyense wonyamula msipu.

Choncho tikuuza Dayosizi ya Mangochi, Sinodi ya Blantyre ya CCAP ndi mipingo yonse ya m'derali kuti ibwezeretse maphunziro a Baibulo sabata ndi sabata, buku ndi buku, pomwe aliyense aloledwa kufunsa. Mabungwe a Malawi Council of Churches ndi Evangelical Association of Malawi adzudzule poyera ogulitsa madalitso, asamangonong'ona.

Kwa akhristu a pa Phalula, mawu athu ndi achindunji: safunsa adadya phula. Anthu a ku Bereya ankafufuza Malembo tsiku ndi tsiku kuti atsimikize ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati mtumwi adayesedwa chotero, palibe mneneri wa lero amene ayenera kukana kufunsidwa. Wokana kufunsidwa asalandire ngakhale tambala imodzi.