Mafunde a Wayilesi Agawidwe Ngati Mapuloti

M'bandakucha uliwonse anthu a ku Kauma, ku Mgona ndi ku Area 25 amauyamba ulendo wa ku Kanengo, kumene kuli mafakitale, nkhokwe za chimanga za boma ndi msika wa fodya. Anthu amenewa amadziwa kufunika kwa puloti, pakuti ambiri a iwo adaipeza movutikira. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti mumlengalenga namonso muli malo ogawidwa, ndiwo mafunde a wayilesi amene amanyamula mawu a pa foni ndi intaneti.

Mafunde amenewa ndi chuma cha dziko. Bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo tsopano likugwira ntchito motsata lamulo la 2016, ndilo lidapatsidwa udindo wowagawa. Makampani akuluakulu a mafoni monga TNM ndi Airtel amalandira ziphaso za dziko lonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo, chifukwa amatumikira anthu onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma fakitale ili ndi zosowa zina. Makina amakono amatumizirana uthenga okhaokha, masikelo amalemba okha kulemera kwa mabelo a fodya, ndipo netiweki ikadodoma chifukwa chakuti anthu ambiri akuimba mafoni, ntchito imaima. Fakitale yotere imangofuna kagawo kochepa ka mafunde, kogwira ntchito m'kati mwa mpanda wake basi.

Maiko ena adachita kale zimenezi. Mu 2019 dziko la Germany lidapatula 100 MHz, kuyambira 3.7 mpaka 3.8 GHz, kuti makampani monga Bosch ndi Volkswagen azitenga ziphaso za pamalo pawo pokha, mtengo wake nuwerengedwa malinga ndi kukula kwa malo, kuchuluka kwa mafunde ndi zaka zake. Chaka chomwecho bungwe la Ofcom ku Britain lidayamba njira yofanana nayo.

Alipo ogwira ntchito m'boma amene anganene kuti kupatula mafunde nkutaya ndalama, poona kuti South Africa idapeza marandi 14.4 biliyoni pogulitsa ake mu 2022. Nkhawa yawo ndi yomveka. Komabe Germany yomwe ija idapeza mayuro oposa 6.5 biliyoni pa malonda ake a 2019, chikhalirecho itasungira mafakitale gawo lawo. Ndalama za malonda zimabwera kamodzi, pamene fakitale yoyenda bwino imakhoma msonkho ndi kulipira antchito chaka ndi chaka. Ndiponso luso si lachilendo kuno: mu 2013 akatswiri a ku Chancellor College, mogwirizana ndi MACRA, adayesa kutumiza intaneti ku Zomba kudzera m'mafunde a kanema amene adangokhala osagwiritsidwa ntchito.

Tsono MACRA ipatule gawo lotere, koma pakhale malamulo okhwima. Wotenga chiphaso osachigwiritsa ntchito alandidwe, monga mfumu imalandira munda wogonera nkupatsa wina. Mtengo ukhale woti kampani ya Mmalawi ingaukwanitse, osati makampani a fodya ndi shuga okha. Mabungwe a boma nawonso aloledwe kupempha, kuphatikizapo malo oyeretsera madzi a zonyansa za mumzinda amene ali ku Kauma komweko. Ndipo aliyense wolandira chiphaso alembe pa pempho lake chiwerengero cha anyamata ndi atsikana a m'madera oyandikana naye amene adzawaphunzitse kumanga ndi kukonza netiwekiyo.