Mtsikana akamenya bwino mpira, bwanji timayamba kufufuza za kuchipinda kwake?

Loweruka lapitali ndinali pa galaundi ina ku Bangwe kuonera matimu a atsikana. Panali mtsikana wina wovala nambala 9, wometa tsitsi, waliwiro koopsa. Atagoletsa chigoli chachiwiri, anyamata ena m'mbali mwa galaundi anayamba kukuwa: "Ameneyo ndi mwamuna!" Wina n'kuwonjezera, "Ndi aja okonda akazi anzawo amenewo." Anthu kuseka. Chigawo chachiwiri anasewera mutu uli pansi, mpira usanathe anapempha kutuluka.

Palibe anamufunsa kanthu. Tinangomuweruza poona tsitsi ndi miyendo basi.

Nkhani ya amuna kapena akazi okondana okhaokha ndi yotentha m'dziko muno, ndipo zambiri zachitikira mu Blantyre mommuno. Mu December 2009, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anamangidwa atachita chinkhoswe ku Chirimba. Mu May 2010 khoti linawagamula zaka 14, kenako Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu July 2023 a mipingo ndi Asilamu anaguba mumzinda uno kukana maukwati otere, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linati malamulo oletsa mchitidwewu akhalebe. Ndiye musayembekezere kuti wosewera wa Maule kapena Manoma angadzuke mawa n'kunena poyera kuti ndi gay. Angakhale akuika pachiswe ntchito, banja ndi ufulu wake womwe.

Koma taonani amene akuvulala ndi phokoso lathuli. Mu 2021, Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti ali wamng'ono anakakamizidwa kuvula pa masewero kuti anthu atsimikize kuti ndi mkazi, ndipo zinachitikanso akusewera ku DD Sunshine ku Lilongwe. Yake sinali nkhani ya chibwenzi, inali ya maonekedwe. Koma mtima wake ndi womwewo: mtsikana akaposa anzake, ndiye kuti pali chinachake. Tabitha yemweyo anadzakhala wogoletsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, ndipo mng'ono wake Temwa anasankhidwa wosewera wapamwamba mu ligi ya ku America mu 2024. Akanagwa ulesi tsiku lija, bwenzi lero tikunyadira ndani pa Facebook?

Komwe chipongwe chotere chimakathera takuonapo kwa anzathu a ku Joni. Eudy Simelane, yemwe anasewerapo Banyana Banyana ndipo sankabisa kuti amakonda akazi anzake, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema mu April 2008. Apo n'kuti dziko la South Africa litalola kale maukwati otere mu 2006. Lamulo linasintha, mitima ya mu lokeshoni ayi. Dziko lomwelo linatulutsanso Portia Modise, naye wosabisa, amene mu 2014 anakhala woyamba mu Africa kukwanitsa zigoli 100 za timu ya dziko. Zigoli zakezo zinawerengedwa ngati za wina aliyense.

Ena mukuti, "Aise, lamulo likuletsa, Baibulo likuletsa." Chabwino, zimenezo muli ndi ufulu wokhulupirira, ndipo kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo ndi makhoti. Koma mlandu umafuna umboni kukhoti, osati mphekesera za pa WhatsApp. Palibe lamulo lopatsa sapota mphamvu yovula mwana wa mwini, kumugenda kapena kumuthamangitsa mu timu. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limati tonse titetezedwe mofanana. Komanso FAM, pokhala membala wa FIFA, ili pansi pa ndime 4 ya malamulo a FIFA yoletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa cha amene amamukonda.

Ndiye akuluakulu a ku Chiwembe sakufunika kudikira khoti. Oyimbira a m'maligi ang'onoang'ono auzidwe kuti chipongwe chikayamba, mpira uime kaye. Kochi wovula mwana kapena womuchotsa mu timu chifukwa cha mphekesera alangidwe. Pakhale munthu amene wosewera wa ku Ndirande kapena ku Machinjiri angakadandauleko dzina lake osamveka tauni yonse.

Nafenso a pa foni tili ndi mbali yathu. Chithunzi cha mwana wa mwini chikafika pa gulu ndi funso loti "mwamuna kapena mkazi?", musachitumize kwina. Amayi ake alinso pa WhatsApp pompo, ndipo makolo ambiri akaona zotere amangoti mpira usiye.

Timu ija ikuseweranso Loweruka. Ndipita kukaona ngati nambala 9 abwere.