Chiwindi Chatsopano Chimafuna Mlonda

Pa msika wa Songani nkhani imathamanga kuposa galimoto za pa msewu wa ku Liwonde. Itamveka mbiri yakuti uje wabwerako ku India kapena ku Johannesburg atamuika chiwindi cha munthu wina, ambiri angati wachira, mapilitsi ngachiyaninso. Maganizo otere ngolakwika, ndipo angathe kupha munthu amene madokotala anamulanditsa.

Ntchito yoika munthu chiwindi cha mnzake anaiyamba ndi Thomas Starzl ku Denver, m'dziko la America, m'chaka cha 1963. Kuno ku Malawi opaleshoni imeneyi sichitika, nchifukwa chake odwala amapita kunja. Koma vuto lake ndi limodzi kulikonse. Thupi silikonda mlendo: likaona chiwindi chachilendo limayamba kulimbana nacho. Tsono wodwala amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi kwa moyo wake wonse. Mpanda ukagwa chotere, mdani amene anali chigonere m'nyumba momwemo amadzuka.

Mdaniyo ndi kachirombo kotchedwa cytomegalovirus, mwachidule CMV. Anthu ambiri a mu Africa amakatenga akali ana, kudzera m'malovu, mumkodzo ndi mumkaka wa m'mawere, koma sadwala. Ichi sichifukwa choti mayi alekere kuyamwitsa, iyayi; mwana wobadwa bwino kachiromboka sikamuvuta. Kamangokhala phee m'thupi zaka zonse. Chitetezo chikatsika ndi pamene kamabweretsa kutentha thupi, kufooka, kutsekula m'mimba ndi chibayo, mwinanso kutupitsa chiwindi chatsopanocho. Ngozi imakula koposa ngati wopereka chiwindi anali nako pamene wolandirayo analibe.

Madokotala amateteza wodwala pomupatsa mankhwala a valganciclovir tsiku ndi tsiku kwa miyezi 3 mpaka 6, kapena pomuyeza magazi sabata ndi sabata kuti kachiromboka kakangoyamba kuchuluka akaphe msanga. Komabe dokotala amatsala kutali, ndipo ulonda weniweni umagwera achibale. Ndiwo ayenera kuona kuti mankhwala sakudumphidwa, kuti wodwala sakumwera chikho chimodzi ndi ana aang'ono, ndi kuti akusamba m'manja ndi sopo akagwira matewera. Nthendayi imathanso kubuka mankhwala otetezawo atatha. Choncho thupi likatentha, asafulumire kunena kuti ndi malungo nkukagula mapilitsi ku golosale, kapena kumwetsa wodwala zitsamba zimene zingalemetse chiwindi. Apite naye ku chipatala cha Domasi tsiku lomwelo, atanyamula makalata onse a kumene anachitidwa opaleshoni, kuti ngati nkofunika atumizidwe ku chipatala chachikulu cha Zomba.

Wina anganene kuti m'chigwa chonse cha Domasi ndani adzaikidwe chiwindi? Ndi owerengeka ndithu. Koma kachirombo komweka kamadzukanso mwa munthu amene ali ndi HIV chitetezo chake chikatsikitsitsa, makamaka CD4 ikachepera 50, ndipo kamakonda kuwononga maso. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndipo wowamwa mosadumphiza kawirikawiri CMV sikamupeza. Amene anawaleka, nayamba kuona tinthu takuda tikuyandama m'maso kapena chifunga mbali imodzi, asadikire tsiku lake la sikelo, pakuti mbali ya diso imene kachiromboka kadya sionanso.