Asanatumize msilikali wina kunja, atiyankhe kaye

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Kawale, Chibavi, Mtandire, Chinamwali ndi konse komwe uthengawu ufike, werengani mpaka pansi musanautumize kwa ena. Sukutherani bandulo.

Tinene kaye ichi kuti wina asapotoze mawu athu: sitikulimbana ndi asilikali. Anyamata ndi atsikana a MDF amene amakwera ndege kupita ku Congo ambiri ndi amsinkhu wathu, ena analowa usilikali atatopa kuyendayenda ndi envulopu ya masatifiketi. Mkangano wathu uli ndi akuluakulu amene amakagwirizana zinthu kumisonkhano ya SADC, ife n'kudzazimva pa wailesi zitatha kale.

Nkhaniyi siyadzulo ayi. Mu 2013, nthawi ya Joyce Banda, Malawi analowa gulu lapadera la United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade, pamodzi ndi South Africa ndi Tanzania. Gululi silinapite kukangoyang'anira mtendere, linapatsidwa mphamvu zokathira nkhondo zigawenga, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho a M23 anali atagonja. Zimenezo sitikuzitsutsa, anyamata athu anagwira ntchito. Mu Okutobala 2018, nthawi ya Peter Mutharika, dziko lino linalandira alendo ku Salima pa zoyeserera za gulu la SADC loyenera kukhala tcheru nthawi zonse, anazitcha Umodzi. Mwezi wotsatira, asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 a UN anapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Dzina limeneli muliloweze.

Tsopano tamvani zaposachedwa. Mu Meyi 2023 atsogoleri a SADC anakumana ku Windhoek n'kugwirizana zotumiza gulu lina kum'mawa kwa Congo, lija la SAMIDRC. Linayamba kufika mu Disembala 2023, ndipo mayiko otumiza asilikali anali omwe aja atatu. Koma M23 imene anakakumana nayo sinali ya 2013. Inali itabwerera ndi zida zamphamvu, ndipo akatswiri a UN enieniwo analemba kuti ikuthandizidwa ndi Rwanda. Mu Januwale 2025 mzinda wa Goma unagwa. Amalawi atatu anafa pa nkhondoyo, a South Africa 14. Lazarus Chakwera analamula mu Febuluwale kuti asilikali athu akonzekere kubwerera, SADC inathetsa ntchitoyo pa 13 Malichi, koma anyamatawo anakhalabe m'misasa yozunguliridwa ndi M23 mpaka anayamba kutuluka kumapeto kwa Epulo. Anatulukira kuti? Pa msewu, kudutsa m'dziko la Rwanda lomwelo. Gulu lomwe amati lothamangira pangozi ndi limenelo, eti.

Ndiye tikufunseni inuyo. Pa zaka zonsezi, mapulezidenti atatu, zipani zitatu, ndani mwa inu anamvapo phungu wake ataimirira pa msonkhano n'kufotokoza chifukwa chomwe tikupitira ku Congo, zida zomwe asilikali anyamula, ndi momwe adzatulukire zinthu zikavuta? Ifeyo timangoitanidwa kumaliro. Mbendera pabokosi, mfuti kulira m'mwamba, nduna kuwerenga chipepala, basi nkhani yatha.

Pali nkhani ya ndalama imene safuna kuti muidziwe bwino. Msilikali akapita pansi pa UN, bungwelo limalipira boma lomutumiza madola opitirira 1,400 pamwezi pa munthu mmodzi. Ndalamayo imalowa kuboma, si m'thumba mwa msilikali mwachindunji. SAMIDRC inali ina: sinali ya UN, mtolo wake unali pamutu pa mayiko a SADC eni ake. Kumbukirani kuti asilikaliwo ananyamuka patangotha mwezi umodzi kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, nthawi yomwe madola ogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala ankasowa, ifeyo tikugona pamizere ya petulo. Sitikunena kuti wina anaba. Tikunena kuti ndalama yolowa ndi yotuluka pa nkhani imeneyi ndi ya Amalawi, ndipo masamu ake ayenera kuwerengedwa poyera monga bajeti ina iliyonse. Kunena kuti "ndi zachitetezo" sikuyankha funso loti mkazi wamasiye walandira zingati, ndipo wadikira miyezi ingati.

Adzatiyankha ndi mwambi, tikudziwa: mnzako akapsa ndevu m'zimire. Zoona. Namondwe wa Freddy atakokolola anthu ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, anansi athu a ku Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zodzathandiza, ndipo tinathokoza. Dziko laling'ono lopanda doko ngati lathu silingakhale lokhalokha. Koma taonani chomwe Freddy anativumbulira. Asilikali athu ankafukula matope ndi makasu ndi mafosholo pamodzi ndi anthu wamba, midzi ina inakhala masiku osafikika, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Patangopita miyezi iwiri tinali tikuvomera kukazimira mnzathu ku Goma.

Nanga pa 10 Juni 2024? Ndege ya asilikali, Dornier 228, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa itanyamula wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera kanali ndi batire lomwe linatha ntchito mu 2004. Zaka 20, amangwetu. Ena mwa inu munali musanabadwe. Boma lomwe linalephera kusinthira asilikali ake batire ndi lomwelo limawatumiza kukaima kutsogolo kwa mizinga, ndiye tisafunse?

Chomwe tikufuna n'chosavuta. Gulu lina lisananyamuke, kaya ndi la SADC, la African Union kapena la UN, nkhaniyo ikambidwe m'Nyumba ya Malamulo anthu akumva pa wailesi, aphungu avote, mayina awo tiwaone. Komiti ya aphungu yoona za chitetezo ilipo kale, iitane akuluakulu a MDF ndi a unduna wa zachitetezo, ilembe lipoti la zomwe zinachitika ku Goma ndi ku Sake, ilitulutse, ndipo likhalenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Zoyeserera ndi mayiko ena zipitirire, sitikuletsa, koma atiuze zatiphunzitsa chiyani chomwe chidzagwire ntchito madzi akadzasefukiranso ku Nsanje.

Inuyo mbali yanu ndi iyi. Pezani nambala ya ofesi ya phungu wa dera lanu, mumutumizire mafunso amenewa mwaulemu, ndipo yankho lake mulijambule mutitumizire. Akakhala chete, mutiuzenso. Pa mapulogalamu oimba foni a pa wailesi, lowetsani nkhaniyi. Ngati muli ndi m'bale wa ku Kamuzu Barracks, Cobbe kapena Moyale, musamukokere m'zimenezi, musaike dzina lake kapena chithunzi chake pa gulu lililonse, malamulo a ntchito yake samulola kuyankhula. Tumizani uthengawu osasintha mawu.